Lipoti Limene Mayi Nachisale Anawerenga Mokweza

Ndiyambe ndi kuvomera kuti palibe amene anandituma kunama. Nkhaniyi anthu aifotokoza kale m'njira zambiri, ena mpaka akuti ndinakomoka pamaso pa gulu, ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha mmene inayendera. (Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi mofulumira pamalo pamene panalibe mpando.)

Tili ndi kabungwe kathu ka anthu asanu ndi awiri, kamene kamayendetsa sukulu ya akuluakulu yophunzitsa kulemba ndi kuwerenga. Timakumana m'kaholo ka tchalitchi china ku Area 3, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse madzulo. Ophunzira athu ndi amayi ogulitsa pamsika wa ku Old Town, alonda, ndi ena ogwira ntchito m'nyumba za m'mipanda. Amawaphunzitsa ndi mayi Kalua, omwe anapuma pa uphunzitsi wa ku pulayimale koma mawu awo sanapume nawo. Wapampando wathu ndi a Mhango, bambo a ku Rumphi okhala ku Area 47, amene anagwira ntchito ya boma mpaka imvi, ndipo ngakhale Loweruka amamanga tayi. Ine ndine mlembi. Anandisankha chifukwa ndili ndi laputopu, palibenso chifukwa china.

Makope, choko, tiyi ndi mabanzi amatigulira ndi Dokotala Msiska, mayi wopuma pantchito wa ku Area 14, pamodzi ndi anzawo angapo. Kwa chaka ndi theka tinkawatumizira zithunzi, iwo n'kumathokoza. Kenako tsiku lina anaimbira a Mhango.

"Zithunzi za anthu akumwa tiyi ndaziona zokwanira," anatero. "Anzanga akundifunsa ngati anthuwa akuwerengadi. Mundilembere lipoti. Ngati palibe chimene chikusintha, thandizoli tilipititsa kwina."

Pamsonkhano wa komiti a Mhango anafotokoza zimenezi, kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Alembi, si inu munapita ku wekishopu ya zimenezi ku City Centre?"

Kupita ndinapitadi. Abwana anga a kuofesi anandituma kukawaimira masiku awiri pahotela ina, ndipo nditabwerako ndinadzitama kwa aliyense. Koma kunena zoona, chimene ndinkakumbukira bwino ndi masamusa a nthawi yopuma. Za bambo amene ankaphunzitsa uja ndinangotolapo zitatu: muziyeza anthu musanayambe kuwathandiza, muziwafunsa maganizo awo, ndipo muzitolera nkhani zosonyeza mmene moyo wawo wasinthira.

"Zimenezo ndisiyireni ine, bwana," ndinatero, ndikugogoda laputopu ndi chala.

Choyamba chija chinali chitatidutsa kale. Palibe amene anayeza munthu aliyense sukulu isanayambe. Tinangotsegula chitseko, anthu n'kulowa. Ndiye ndinalumphira chachiwiri. Ndinakonza fomu ya mafunso asanu, ndipo poti anthuwa anali ophunzira kumene, pansi pa funso lililonse ndinajambula nkhope zitatu: yomwetulira, yongoyang'ana, ndi ya ndwii. Ine ndiziwerenga funso, iwo azichonga nkhope yogwirizana ndi mtima wawo. Ndinadziona wanzeru kwambiri sabata imeneyo.

Onse anachonga yomwetulira. Kodi sukuluyi mukuikonda? Yomwetulira. Kodi mumavutika kufika kuno nthawi ya mvula? Yomwetulira. Ndinayesa kufunsa mayi wina chifukwa chake, iye anati, "Nanga munthu watijambulira zithunzi zokongola chonchi, timuchongere yokwiya?" Mmodzi yekha, a Jere, mlonda wamtali wosalankhulalankhula, anachonga ya ndwii pa mafunso onse asanu. Ndinasangalala kuti ndapeza munthu wonena zakukhosi.

"A Jere, chikukudandaulitsani n'chiyani?"

"Palibe, alembi. Kungoti ameneyu akufanana ndi abwana anga."

Mafomu aja ndinawaika m'thumba osawaonetsa munthu. Ndinaganiza zopereka mayeso enieni, ndipo ndinalengeza ndekha Lachiwiri kuti Lachinayi aliyense adzawerenga kandime kamodzi pamaso panga. Mayi Kalua anandikokera pambali.

"Mawu oti mayeso musawatchule kwa anthu akuluakulu. Bwanji mungobwera tsiku wamba, mukhale kumbuyo, mumvetsere?"

Ndinawayankha mwaulemu kuti njira imeneyo si ya masiku ano. (Mayiwa aphunzitsa zaka zoposa zimene ine ndakhala ndi ndevu. Ine ndinali ndi masiku awiri a kuhotela.)

Lachinayi, mwa ophunzira makumi awiri ndi atatu, anabwera asanu ndi atatu. Ena onse anali ndi maliro. Sindinamvepo kuti m'midzi ya Lilongwe munagwa maliro ambiri chotero tsiku limodzi. Amene anabwerawo anandigwetsa ulesi. Wina ankangoyang'ana pepala ngati akudikira kuti liyambe lokha kulankhula. A Jere anati maso akuwawa. Mayi Nachisale, mayi wonenepa wa nthabwala amene amagulitsa tomato pafupi ndi mlatho, anagwira pepala chadodolido, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera.

"Alembi, mutu wanga ndi wouma. Mwina chaka chamawa."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pamsika panali patamveka mphekesera yoti aliyense wokhoza mayeso apatsidwa satifiketi n'kutsanzikidwa. Ndani akanafuna kutsanzikidwa? Kusukuluko n'kumene ankapumira phokoso la msika, kuchezerana, kumwa tiyi wa mkaka atakhala pampando. Anapangana kulephera, ndipo analephera mwaluso. Ine ndinabwerera kunyumba ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti chaka ndi theka chapita pachabe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa zopusa zonse zimene ndinachita pambuyo pake zinatsamira pomwepa.

Chinatsala ndi chachitatu, nkhani za kusintha kwa moyo. Ndinayenera kuyendera ophunzira mmodzimmodzi, kukhala nawo pansi, kuwamvetsera. Loweruka loyamba kunagwa mvula. Loweruka lachiwiri kunali mpira pa TV. Loweruka lachitatu ndinanyamukadi, ndinafika mpaka pamsika, koma matope ake ndi nsapato zimene ndinavala sizinagwirizane. Ndipo mumtima ndinkati, ndikawafunse chiyani anthu oti pepala akuligwira chadodolido? Lipoti linkafunika Lolemba. Lamulungu masana, nditachoka kutchalitchi (inde, kutchalitchi), ndinatsegula laputopu n'kuyamba kupeka.

Poyamba ndinkapeka mwamantha. Koma bodza limakoma ukaliyamba. Ndinatenga zithunzi za ophunzira atatu m'foni mwanga, n'kulemba dzina la aliyense pansi pake, chifukwa bambo wa kuwekishopu anati dzina ndi nkhope zimakhudza mtima wa wopereka thandizo. Mawu awo ndinawalemba m'Chichewa, Chingelezi chake pansi, kuti zioneke kuti zachokeradi pakamwa pawo. Za mayeso aja ndinangoti "akupitirira". Nditamaliza ndinawerenga nkhani zitatuzo, ndipo ya mayi Nachisale inandikhudza ine ndemwe, mwini bodza.

A Mhango atawerenga anandigwira dzanja. "Alembi, wekishopu ija siinapite pachabe." Dokotala Msiska anayankha kuti lipoti lawasangalatsa, ndipo akufuna kudzaona okha. Komiti inakonza kamwambo Loweruka masana, ophunzira n'kuuzidwa kuti abwere ndi mabanja awo.

Ine ndinakonzeka. Ndinapempha mayi Kalua kuti ophunzira aloweze pamtima kandime ka m'buku lawo, kuti mlendo akadzati werengani, adzangolakatula akuyendetsa chala. Mayi Kalua anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Chabwino, alembi." Sanandiuze kuti anali atakhala kale pansi ndi ophunzira awo, n'kuwauza kuti palibe amene atsanzikidwe, koma akapitiriza masewera awo oyerekeza umbuli, mlendoyo atseka sukulu ndipo tiyi athera pomwepo.

Tsikulo holo inadzaza. Amayi anavala zitenje zofanana. Pemphero lotsegulira anapereka ndi bambo wina wa suti yakuda, wa mawu a besi, amene a Mhango anawatchula kuti a Kachere, mkulu wa mpingo wa ku Chinsapo. Anapemphera bwino kwambiri, mpaka ine ndinayankha ameni mokweza. Atatha anakakhala kutsogolo, pafupi ndi mayi Nachisale, ndipo mayiwo anawakonzera kolala ya malaya. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndi amuna awo.

A Mhango analankhula, ine ndinalankhula, kwaya ya ophunzira inaimba. Kenako Dokotala Msiska anaimirira. Ndi mayi wochepa thupi, wa tsitsi loyera lometa, ndipo nkhope yawo siisonyeza ngati akondwa kapena ayi.

"Zolankhula zakwana. Ndikufuna ndimve munthu akuwerenga."

Ndinathamanga ndi buku lija nditatsegula kale tsamba lake. Anangoliyang'ana.

"Ayi, limenelo analiloweza. Ndinalerapo ana ine." Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa lipoti langa. Anatsegula, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana gulu. "Mayi Nachisale ndi ati? Bwerani, mayi. Apa pali mawu anu omwe. Tiwerengereni."

Anzanga, sindinapempherepo mapemphero awiri otsutsana nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Akalephera kuwerenga, sukulu yatsekedwa, ndipo anthu makumi awiri ndi atatu abwerera kumene anachokera. Akawerenga, ine ndatha. Ndinadzilimbitsa mtima pokumbukira pepala la chadodolido lija.

Mayi Nachisale anapukuta manja pachitenje, analandira lipoti, n'kuligwira bwinobwino, mutu wake kumwamba. Anaika chala pansi pa chilembo choyamba.

"I-ne ndi-ne Na-chi-sa-le. Ndi-ma-gu-li-tsa to-ma-to."

Holo yonse inaombera m'manja, nthungululu zili pakamwa. A Kachere anatembenuka kuyang'ana anthu akumbuyo, chifuwa chili patsogolo, kuti onse adziwe kuti mkaziyo ndi wawo. Ine ndinayesa kuombera m'manja nthawi yaitali kuti mwina zithere pomwepo. Ndinatsala ndekha ndikuomba.

"Pitirizani, mayi," anatero adokotala.

Munthu wongophunzira kumene kuwerenga amatola zilembo chimodzichimodzi ngati akusankha nyemba, ndipo tanthauzo limamufika pambuyo, chiganizo chitatha kale. Choncho mayi Nachisale anawerenga ndi nkhope yowala, monyadira, osadziwa kumene chala chawo chikuwatengera.

"Ka-le a-mu-na a-nga a-nka-la-ndi-ra ma-u-the-nga a a-ka-zi e-na pa-fo-ni, i-ne ndi-li po-mwe-po, o-sa-dzi-wa ka-nthu."

Nthungululu zija zinathera pomwepo. Kamwana kena kanagwetsa kapu, anthu onse n'kudzidzimuka.

"Tso-pa-no ndi-ma-we-re-nga nde-kha. A-mu-na a-nga a-si-ntha."

Anaima. Anabweza chala kumayambiriro, n'kuwerenganso chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Ndinaona tanthauzo likufika pankhope pawo pang'onopang'ono. Anakweza maso, sanayang'ane amuna awo, anayang'ana ine.

"Alembi, ine zimenezi ndinakuuzani liti?"

Apa m'pamene ndinafuna kukhala pansi. Mpando wanga wina anali atausunthira kwa alendo. Ndinafika pasimenti ndi phokoso limene mpaka lero ana a ku Area 3 amaliyeserera.

A Kachere anaimirira, dzanja lili m'thumba la jekete, n'kutulutsa kafoni ka mabatani komanga ndi labala. Anakakweza m'mwamba ngati umboni kukhoti.

"Abale ndi alongo, foni yanga ndi iyi! Ine mkulu wa mpingo! Zaka makumi atatu m'banja! Mnyamata uyu sindinamuonepo chibadwire!"

(Ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, koma tsiku limenelo sindinatsutse.)

A Mhango anavula magalasi, anawavalanso, anawavulanso. Ndikanakonda zikanathera pamenepo, koma a Jere anali atakweza kale dzanja kumbuyo.

"Inenso ndaona chithunzi changa m'menemo. Ndiwerenge nawo."

Munthu wa maso owawa uja anawerenga mosadodoma, kuposa ngakhale mayi Nachisale. "Ine ndine Jere, mlonda ku Area 14. Kale ndinkagona pantchito usiku wonse. Tsopano ndimawerenga nyuzipepala, ndipo tulo tinatha." Anatseka lipoti mwaulemu, n'kutembenukira kwa adokotala. "Madamu, ine sindinagonepo pageti panu."

Pageti panu. Area 14 ili ndi nyumba zambirimbiri, koma a Jere ankalondera ya Dokotala Msiska. Ndi iwo amene anawauza adokotala za sukulu yathu poyambirira, ndipo aliyense m'komiti ankadziwa zimenezi kupatula mlembi.

"Ndikudziwa, a Jere," anatero adokotala. "Ndinawerenga nkhani yanu Lolemba lomwelo. N'chifukwa chake ndabwera."

Kenako anachita chinthu chimene sindinayembekezere. Anakoka mpando, n'kukhala pakati pa ophunzira, lipoti langa n'kuliika pansi pa mpandowo.

"Za alembi tazimva. Tsopano ndiuzeni inuyo. Chasintha n'chiyani?"

Poyamba anthu ankangoyang'anana. Mayi Nachisale ndi amene anayamba. Anati amayi awo amamwa mankhwala a mitundu itatu, ndipo kale ankawasiyanitsa ndi maonekedwe a mapilitsi. Tsiku lina kuchipatala anasintha mtundu wake, gogoyo n'kumwa olakwika sabata yathunthu mpaka kugonekedwa. Tsopano amawerenga okha pakapepala, dzina la mankhwala ndi nthawi yake. Mayi wina anati kudepoti sakufunsanso makondakitala kumene minibasi ikupita, chifukwa wina anamukwezapo ya ku Likuni iye akupita ku Kawale. A Jere anati alendo akafika pageti amalemba okha mayina awo m'buku, pamene kale ankawasunga m'mutu n'kuwasokoneza. Bambo wina wokalamba anangoti, "Ine ndimapeza ndekha nyimbo m'buku. Kale ndinkangotsegula paliponse kuti anthu asandiseke."

Ndinamvetsera ndili pasimenti pompo, chifukwa kudzuka kukanachititsa anthu kundikumbukira. Nkhani iliyonse inali yoposa zanga zopeka zija, ndipo zonsezo zinali pamtunda wa mphindi khumi kuchokera pamene ndinabwerera chifukwa cha matope.

Adokotala anati sukulu ipitirira. Anatinso lipoti lilembedwenso, mayi Kalua aziyesa ophunzira atsopano tsiku limene alowa ndi pakutha pa teremu iliyonse popanda kutchula mawu oti mayeso, ndipo nkhani ya munthu isatuluke mwini wake asanaiwerenge yekha n'kusainira. Potuluka anaima pamene ndinali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mumalemba bwino, bambo. Mungoyamba kufunsa."

Titafika panja a Mhango anandiitana. "Alembi, mawa tikatuluka m'tchalitchi tikupita ku Chinsapo. Mugule nkhuku. Yaikulu."

Tinapitadi, ine nkhuku ili kukhwapa. A Kachere anatilandira pakhonde, natilalikira za umboni wonama kwa ola lathunthu, mavesi akutuluka ngati madzi a pampopi. Anati anthu a mumpingo wawo amva kale, ndipo ena awayang'ana mwachilendo m'mawa umenewo. Ndinapepesa nditagwada, ndipo ndinalonjeza kukanena pamaso pa ophunzira onse kuti nkhaniyo ndinaipeka ndekha. Mayi Nachisale analandira nkhuku, anaiyeza kulemera ndi dzanja, n'kunena kuti za iwo zatha.

"Koma zilembo za makina anuwo n'zabwino," anatero. "Zosavuta kuwerenga."

Potsanzika a Kachere anati atiperekeze. A Mhango anatsogola kukatsegula galimoto, ife awiri tikubwera pambuyo. Titakhota pa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo, bambo aja anandigwira pachigongono. Anacheuka kumbuyo, anayang'ana uku ndi uku, besi ija n'kusanduka kanong'onong'o.

"Achimwene, pano tili awiri. Anakuuzani ndani?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Bambo?"

"Za foni zija. Ndi mayi Kalua? Kapena ndi amayi a pamsika?"

"Palibe anandiuza, bambo. Ndinangopeka. Ndikulumbira."

Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, ngati akufuna kuona pamene ndabisa dzinalo. Kenako anandisiya mkono, anakonza tayi yawo, n'kupumira m'mwamba.

"Ndiye muli ndi mphatso yoopsa," anatero. Anabwerera kwawo osafika n'komwe pagalimoto.

M'galimoto a Mhango anandifunsa chimene mkuluyo amandiuza. Ndinati amanditsindikira vesi lina.

Masiku ano ndimayenda ndi kope, ndimakhala pabenchi pamsika kapena pageti la munthu, ndimafunsa, ndimalemba zimene ndamva, mwini wake n'kuwerenga asanasainire. Anthu amati ndinaphunzirapo kuti bodza limaululika. Mwina. Koma kunena chilungamo, manyazi aja anatha patangopita mwezi. Chimene chimandigwira dzanja ndikafuna kukometsera nkhani ya munthu ndi mantha oti ndingalasenso.